Zilumba za Cocos: mudzi wa Amalay umene unali chuma cha banja limodzi

Mpaka cha m'ma 1978, munthu wogwira ntchito pa chilumba cha Home Island ankalipidwa ndalama imene sakanagulira ngakhale machesi kwina kulikonse padziko lapansi. Ankaitcha rupee ya ku Cocos. Kalekale inali ya mapepala, mu 1913 kunabwera timakobidi tooneka ngati tosema ku mnyanga wa njovu, ndipo mu 1968 kunabwera ta pulasitiki. Wopanga ndalamayo anali mwini munda. Sitolo yokhayo yolandira ndalamayo inali yake. Nyumba imene wantchito ankagonamo inali yake, nthaka yake, sitima yotulukira pachilumbapo yakenso. Ndiye munthu akanasunga chuma chanji, n'kupita nacho kuti?

Home Island ndi kamodzi mwa tizilumba 27 totchedwa Cocos Keeling, tili pakatikati pa nyanja yamchere ya Indian Ocean. Mukatiphatikiza tonse, malo ake ndi masikweya kilomita 14 okha, kuchepera chilumba cha Likoma. Mzinda wa Perth ku Australia uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 2,750, chilumba cha Java ku Indonesia chili pa makilomita oposa 1,000, ndipo Christmas Island, amene tinganene kuti ndiye mnansi wapafupi, ali pa makilomita oposa 900. Kalembera wa 2021 anapezako anthu 593. Tizilumba tiwiri tokha ndi tokhalamo anthu. Pa West Island pali bwalo la ndege, maofesi a boma ndi anthu ochepa, ambiri mwa iwo obwera kuchokera ku Australia kudzagwira ntchito zaka zingapo. Pa Home Island ndi pamene pali mudzi weniweni, wa Amalay a ku Cocos, Asilamu olankhula Chimalay kunyumba koma oyenda ndi pasipoti ya Australia.

Kuti anthu amenewa anapezeka bwanji pamenepa, ndi nkhani yoyenera kuyambira pansi penipeni, pa nthaka imene aimapo.

Nthakayo si dothi monga tilidziwira ife. Ndi mchenga ndi zibenthu za korali, miyala imene imamangidwa ndi tizamoyo ting'onoting'ono ta m'nyanja. Tizilumbato, kupatula kamodzi ka North Keeling kamene kali patokha kumpoto, tinandandalika mozungulira ngati nkhata, pakati pake pali dziwe lalikulu la madzi osazama. Charles Darwin, katswiri wa zachilengedwe wa ku England, anafikako mu Epulo 1836 pa sitima ya HMS Beagle, ndipo anakhalako masiku osakwana milungu iwiri akuyesa ganizo lake lakuti nkhata zotere zimayamba ndi phiri lophulika moto limene limatitimira pang'onopang'ono m'nyanja, korali n'kumakulira m'mwamba kutsata kuwala kwa dzuwa, mpaka phiri lizimiririke kutsale mkombero wokha. Akatswiri atabowola pansi pa chilumba chotere ku Enewetak, m'nyanja ya Pacific, mu 1952, anakaupeza mwala wa phiriwo atadutsa mamita oposa 1,200 a korali. Darwin analondola. Koma kwa wokhala pa Cocos tanthauzo lake ndi lapafupi: palibe phiri, palibe mtsinje, malo ambiri sakwera mamita asanu kuchoka pamadzi, ndipo madzi abwino ndi amvula amene amalowa mumchenga n'kuyandama pamwamba pa amchere.

Kaputeni William Keeling wa kampani ya East India anaziona zilumbazi mu 1609, n'kupitirira. Kunalibe munthu, ndipo kunakhala kopanda munthu zaka zina zoposa 200.

Woyamba kudzakhazikika anali Mngelezi Alexander Hare, mu 1826. Hare anakhalapo nthumwi ya Britain ku Banjarmasin pa chilumba cha Borneo, kumene anasonkhanitsa anthu amene ankawatenga ngati katundu wake. Adatchi atabwerera kuderalo anamuchotsa, ndipo anayendayenda nawo anthuwo, mpaka ku Cape of Good Hope, asanakawatsitse ku Cocos. Analipo pafupifupi 100, ndipo pakati pawo panali gulu la akazi amene ankawasunga ngati ake. Sanali a mtundu umodzi. Ena anali a ku Borneo, ena a ku Java, Bali, Sumatra ndi zilumba zina za kumeneko, ena ochepa ochokera mbali ya ku Africa. Chowamanga pamodzi chinali Chimalay, chilankhulo cha pamadoko ndi m'misika ya m'derali. Mtundu umene lero ukutchedwa Amalay a ku Cocos unabadwira pomwepo, pa mchengapo.

Chaka chotsatira, 1827, kunafika John Clunies-Ross, woyendetsa sitima wochokera ku Shetland ku Scotland, ndi banja lake ndi amalinyero. Iyeyu anagwirapo ntchito pansi pa Hare ku Borneo, ndipo anali ataziona kale zilumbazi mu 1825 n'kuzisirira. Atambala awiri salira m'khola limodzi. Anthu a Hare anayamba kuthawira kwa Clunies-Ross, Hare anachoka mu 1831 ndipo anakafera ku Sumatra. Otsalawo anasintha mbuye. Darwin, atawaona zaka zisanu pambuyo pake, analemba kuti anali mfulu m'dzina, koma pa zinthu zambiri ankatengedwabe ngati akapolo.

Kuyambira pamenepo banja la Clunies-Ross linalamulira mibadwo isanu, zaka 150. Britain anazitenga zilumbazi mu 1857, pamene Kaputeni Fremantle wa sitima ya HMS Juno anadzakweza mbendera, ndipo olemba mbiri ambiri amati anasokera: anatumidwa ku zilumba zina za dzina lofanana, kufupi ndi zilumba za Andaman, pakati pa India ndi Burma. Kusokerako kunakomera banjali, chifukwa mwana wa John anangopatsidwa udindo woyang'anira m'dzina la mfumukazi. Mu 1886 Mfumukazi Victoria anapereka nthaka yonse kwa George Clunies-Ross ndi zidzukulu zake mpaka kalekale. Pa pepala zilumbazi zinkakhala pansi pa Ceylon (lero Sri Lanka), kenako Singapore. Koma bwanamkubwa ali kutsidya kwa nyanja angalamulire chiyani? Nyuzipepala za ku Ulaya zinkawatcha mafumu a ku Cocos. Anthu awo ankawaitana kuti Tuan, ndiye kuti bwana, n'kuwonjezerapo dzina lowayenera: Tuan Pandai, bwana wanzeru, Tuan Tinggi, bwana wamtali.

Chuma chonse chinali kokonati. Amuna ankapita pa ngalawa za matanga, zotchedwa jukong, kukatola kokonati m'tizilumba tozungulira. Kusenda kwake n'kwa mphamvu: pansi amazikapo chitsulo chosongoka choloza kumwamba, munthu n'kugwira kokonati ndi manja awiri, kuibaya pachitsulopo, kupotoza, khoko n'kung'ambika, kuitembenuza, kubayanso, tsiku lonse ali chiweramire. Kumudzi ankaiswa pakati, kukowola mnofu woyera uja, kuuyanika mpaka uume gwa. Mnofu woumawo ndiwo copra, ndipo unkapakidwa m'matumba kupita kunja kukayengedwa mafuta opangira sopo ndi majarini. Antchito atachepa, banjali linkaitanitsa ena ku Banten pa chilumba cha Java, n'chifukwa chake mudzi wa pa Home Island umatchedwa Bantam. Namondwe akabwera, monga wa mu 1909 amene anagwetsa mitengo yambirimbiri, ntchito inkayambira poyambira, ndipo kokonati sabereka chaka chomwe wabzalidwa.

Apa m'pofunika kunena mwachilungamo. Ulamuliro wa banjali sunali wa chikoti tsiku ndi tsiku. Anthu ankapatsidwa nyumba, mankhwala ndi chakudya, okalamba ankasamalidwa, chipembedzo chawo sichinkaletsedwa. Amuna a m'banjali ankakwatira akazi a pachilumba pomwepo, ndipo ana awo ankalankhula Chimalay ngati wina aliyense. Womaliza kulamulira, John Cecil Clunies-Ross, ankayenda wopanda nsapato, mpeni uli m'chiuno. Koma milandu inkaweruzidwa ndi bwalo la akuluakulu amene iye anali pamwamba pawo, sukulu yeniyeni kunalibe, mlendo sankaponda pa Home Island popanda chilolezo, ndipo lamulo lopweteka koposa linali ili: wofuna kuchoka achoke, koma asadzabwerenso. Wowerenga wa kuno akumbukira thangata, ndipo sakulakwa. Kusiyana kwake n'kwakuti wa thangata ankatha kuzemba usiku n'kukafika kwa abale kutsidya kwa mtsinje. Ku Cocos mpanda unali nyanja. Ine ndimaona kuti n'chifukwa chake dongosololi linakhalitsa chonchi popanda asilikali kapena maunyolo: silinkawafuna.

Dziko lakunja linkazikumbukira zilumbazi pokhapokha pakakhala nkhondo kapena nthambo. Mu 1901 pa kachilumba ka Direction Island panamangidwa siteshoni ya nthambo za pansi pa nyanja zotumizira matelegalamu pakati pa Australia, Java ndi mbali ya ku Mauritius. Pa 9 Novembala 1914 sitima yankhondo ya Germany, SMS Emden, inatsitsa asilikali pafupifupi 50 kuti akaphwanye siteshoniyo. Ogwira ntchito pamenepo anali atatumiza kale uthenga wopempha thandizo. Nkhani imene imakambidwa mpaka lero ndi yakuti anapempha Ajeremaniwo kuti pogwetsa mlongoti wa wailesi asaugwetsere pa bwalo lawo la tenesi, ndipo Ajeremani anamvera. Posakhalitsa inatulukira HMAS Sydney ya Australia, imene inali kuperekeza sitima zonyamula asilikali, n'kuiphwanya Emden mpaka kaputeni wake anakaitsamiritsa pa matanthwe a North Keeling. Ajeremani oposa 130 anafa. Otsala pamtunda aja, motsogozedwa ndi Hellmuth von Mücke, analanda Ayesha, kasitima kakale ka banja la Clunies-Ross, n'kuthawa nako, ndipo atadutsa ku Sumatra ndi m'chipululu cha Arabia anakafika ku Constantinople, lero Istanbul m'dziko la Turkey, mu 1915.

Pa nkhondo yachiwiri, mu Meyi 1942, asilikali ena a ku Ceylon amene ankalondera pa Horsburgh Island anaukira akuluakulu awo achingelezi, motsogozedwa ndi Gratien Fernando. Zinakanika, ndipo atatu ananyongedwa. Mu 1945 pa West Island anagwetsa mitengo ya kokonati n'kumanga bwalo la ndege, kunadzaza asilikali masauzande. Amalay a pa Home Island anaona ndi maso awo kuti kunja kuli anthu olipidwa ndalama zenizeni.

Nkhondo itatha, pa Home Island panali anthu pafupifupi 1,800, ndipo copra sakanawadyetsa onse. Pakati pa 1948 ndi 1951 oposa theka anasamutsidwa, ambiri kupita ku North Borneo, kumene lero ndi Sabah m'dziko la Malaysia, kukagwira ntchito m'minda ya kufupi ndi Tawau ndi Lahad Datu. Lero zidzukulu zawo kumeneko n'zochuluka kwambiri kuposa otsala pa zilumba.

Australia anazilandira zilumbazi kwa Britain pa 23 Novembala 1955. Chimene ankafuna kwenikweni chinali bwalo la ndege lija. Kuyambira 1952 ndege za Qantas zopita ku Johannesburg zinkatera pa Cocos ndi pa Mauritius kumwetsa mafuta, mpaka 1967 pamene kunabwera ndege zouluka mtunda wautali. Za mudzi wa kutsidya kwa dziwe boma silinafune kulowererapo, ndipo kwa zaka pafupifupi 20 m'dziko lonyadira ufulu wa antchito munali anthu olipidwa timakobidi ta bwana. Zinthu zinatembenuka nthumwi za United Nations zitapitako mu 1974 n'kudzudzula zimene zinaona. Manyazi anagwira boma ku Canberra. Nawonso anthu anayamba kuvota ndi mapazi, mabanja ambiri n'kusamukira ku Western Australia, ku Port Hedland, Geraldton ndi Katanning, kumene ntchito yozinga nyama mwa Chisilamu inkafuna anthu. Mu 1978 boma, litaopseza kuti lilanda mwalamulo, linagula nthakayo kwa John Cecil pa mtengo wa madola a Australia 6.25 miliyoni, kumusiyira nyumba yaikulu ya banjali, Oceania House, ndi bwalo lake. Ndalamazo zinapita kwa mwini pepala la Victoria. Amene makolo awo anabzala mitengo yonseyo sanalandirepo chipepeso, ngakhale kuti malo a mudzi anaperekedwa m'manja mwa khonsolo yawo ndipo munda unasanduka kopaletivi yawo.

Kenako kunabwera riferendamu ya pa 6 Epulo 1984, nthumwi za United Nations zikuonerera. Ovota anali 261. Anthu 229 anasankha kukhala mbali ya Australia, 21 anasankha kudzilamulira mogwirizana ndi Australia, 9 anasankha ufulu wodziimira paokha, ndipo mavoti awiri anaonongeka. Wina angadabwe kuti anthu otuluka mu ukapolo akanirenji ufulu. Koma taganizani: dziko la anthu mazana ochepa, opanda sukulu, chuma chake kokonati, ndipo munthu yekhayo wodziwa za sitima, mabanki ndi misika yakunja ndi Tuan yemwe uja, akadali m'nyumba yake yaikulu kumapeto kwa mudzi. Ufulu wotero ukanangomubwezera pampando. Kusankha Australia kunali kusankha khomo limene iye analibe kiyi wake. Tsikuli limakumbukiridwa chaka chilichonse ngati holide.

Tuan John, John Cecil uja, sanathe bwino. Boma linafuna kumulanda ndi nyumba yomwe, khoti lalikulu la Australia linamuikira kumbuyo mu 1984, koma boma linasiya kupereka ntchito ku kampani yake ya sitima, inagwa, ndipo iye anasamukira ku Perth kumene anamwalira mu 2021.

Nanga kulowa mu Australia kunabweretsa chiyani? Nyumba zabwino, magetsi, chipatala, sukulu, penshoni. Kunabweretsanso malipiro a mlingo wa Australia, ndipo pa malipiro otero copra wa ku Cocos sakanapikisana ndi wa ku Philippines kapena Indonesia. Mu 1987 ntchito ya copra inatha. Mitengo ikadalipo, kokonati zimangogwa n'kumera zokha. Ntchito zimene zilipo ndi za boma, za khonsolo, za kopaletivi ndi zokopa alendo pang'ono, ndipo ulova ndi dandaulo la nthawi zonse. Kayendetsedwe ka boma nakonso n'kozunguza mutu. Kuyambira 1992 malamulo amene amagwira ntchito ndi a chigawo cha Western Australia, koma anthu a ku Cocos savota nawo posankha aphungu opanga malamulowo. Pa chisankho cha dziko lonse amawerengedwa ku dera la Lingiari la ku Northern Territory, limene likulu lake la anthu lili m'chipululu, makilomita masauzande kuchoka kunyanja kwawo. Woimira boma wamkulu amakhala ku Christmas Island. Munthu akafuna kudandaula za mtengo wa katundu kapena kuchedwa kwa sitima, amayamba wafunsa kuti khomo logogoda ndi liti.

Moyo wa tsiku ndi tsiku umayendera boti lowoloka dziwe, ulendo wa mphindi pafupifupi 30. M'mawa limanyamula antchito ndi ana a sekondale kuchoka ku Home Island kupita ku West Island, madzulo n'kuwabweza. Mwana wofuna kumaliza makalasi awiri omaliza a sekondale amayenera kupita ku Australia kwenikweniko, ndipo si onse amabwerera. Ndege yochokera ku Perth imabwera kawiri pa sabata, katundu wolemera amadikira sitima imene imatha milungu ingapo isanaoneke, ndipo ikachedwa mashelefu a m'sitolo amayera. Pa West Island bwalo la gofu limadutsa pa msewu wa ndege. Pa Home Island misewu ndi ing'onoing'ono, anthu amayendera timagalimoto tonga ta pa gofu, ndipo nthawi imadziwika ndi kuitana kwa kumzikiti.

Pali mwambo umodzi umene Mchewa sangaudabwe. Munthu akabereka mwana woyamba, dzina lake lobadwa nalo limapuma. Bambo amasanduka Pak wakuti, mayi Mak wakuti, potchula dzina la mwanayo, monga ife timanenera kuti bambo a uje, make uje. Koma iwo amapitirira: mdzukulu woyamba akabadwa, agogo onse amasinthanso n'kukhala Nek wakuti, potchula dzina la mdzukuluyo. Munthu mmodzi amatha kukhala ndi mayina atatu pa moyo wake, ndipo kumuitana gogo ndi dzina la paubwana ndi mwano. Wa boma wobwera ndi fomu yofuna dzina loyamba ndi la bambo amatuluka thukuta.

Chikondwerero chachikulu ndi Hari Raya, Idi ya pakutha pa Ramadani. Anthu amayendera manda a makolo, amalowa nyumba ndi nyumba kupemphana chikhululuko, ndipo masiku otsatira ma jukong amatulutsidwa kukapikisana pa dziwe. Pa maukwati ndi pa zisangalalo pamamveka vayolini, imene iwo amati biola, ndipo pali magule amene mapazi ake anachokera ku Scotland, ovinidwa ndi Asilamu ovala zachimalay. Sindiona ngati kutengera kwa atsamunda. Anthu otsekeredwa zaka 150 pa kachilumba amatola chilichonse chimene chafika n'kuchisandutsa chawo, monga anachitira ndi chilankhulo, Basa Pulu Cocos, chimene ndi Chimalay chosakanizika ndi mawu a Chijava ndi Chingelezi.

Masiku ano nyanja imabweretsa zina. Ofufuza motsogozedwa ndi Jennifer Lavers anafalitsa mu 2019 zimene anapeza m'magombe a zilumbazi: zinyalala za pulasitiki zoyerekezedwa kukwana zidutswa 414 miliyoni, zolemera matani 238, kuphatikizapo nsapato pafupifupi 977,000 ndi miswachi 373,000. Anthu 600 sangataye zimenezo. Zimayandama kuchokera kumaiko ena.

Choopsa kwambiri ndi madzi enieniwo. Home Island ndi yotsika kwambiri, moti mvula yamphamvu ikakumana ndi kukwera kwa nyanja, madzi amatumphuka pansi n'kudzaza m'misewu, opanda kolowera. M'mbali mwa gombe aunjikamo matumba akuluakulu a mchenga. Kumayambiriro kwa 2025 boma la Australia linatulutsa chikalata chokambirana chimene chinanena kuti njira yotheka m'tsogolo ndi kusamutsa anthu pang'onopang'ono m'zaka 10 mpaka 50 zikubwerazi. Anthu anakwiya, ndipo chowakwiyitsa china chili kutsidya kwa dziwe: boma lomwelo likuwononga madola oposa 500 miliyoni kukulitsa ndi kulimbitsa msewu wa ndege pa West Island kuti pazitera ndege zankhondo zolondera nyanja, za mtundu wa P-8A Poseidon. Funso lawo ndi losavuta. Ngati chilumba chikumira, bwanji ndalama yotetezera ndege ilipo koma yotetezera mudzi ikusowa?

Ena mwa atsogoleri awo akhala akupempha kuti Australia iwazindikire ngati eni nthaka, monga imachitira ndi Aaborijini. Otsutsa amati sangakhale eni nthaka anthu amene anachita kubweretsedwa pa sitima. Iwo amayankha kuti asanafike kunalibe wina, kuti kuyambira 1826 kufika 2026 ndi zaka 200, ndipo kuti makolo awo sanafunsidwe pobwera, sanafunsidwe mu 1886, mu 1955 kapena mu 1978. Anafunsidwa kamodzi kokha, mu 1984, ndipo anayankha ali ndi chikhulupiriro chakuti akhala pomwepo.

Manda a mudziwu ali kumpoto kwa Home Island, pa malo otchedwa Pulu Gangsa. Pamenepo pagona mibadwo ya osenda kokonati, ndipo chapafupi pali manda a ena a banja la Clunies-Ross. Nyanja yayamba kale kudya gombe la mbali imeneyo, ndipo pokambirana za kusamuka, akuluakulu a pa Home Island amafunsanso za mandawo.